Mlamu wa vinyo walawa masese

Pafupifupi tauni iliyonse ya m'mbali mwa msewu wa M1, kaya ndi pa Lunzu, Ntcheu, Dedza, Mponela kapena Jenda, ili naye munthu wotere. Dzina limasintha malinga ndi dera, koma nkhani yake ndi imodzimodzi. Adapita ku Joni ali mnyamata. Ku Johannesburg sadakhalitseko, adatsetserekera ku Cape Town komwe adapeza ntchito yoperekera alendo zakudya ndi zakumwa m'lesitilanti ina pakati pa minda ya mphesa, ku Stellenbosch kapena ku Franschhoek. Kumeneko ndi komwe adadziwana ndi vinyo. Adaphunzira kugwira tambula pakamwendo kake, kuipukusa pang'ono, kununkhiza, kenako n'kulawa kadontho ngati mayi woyesa mchere m'ndiwo.

Lero wabwerera kwawo, wamanga nyumba ya malata ndipo watsegula kagolosale. Pa chinkhoswe cha mwana wa mlongo wake, malume ake amuitanira pansi pa mtengo pomwe pakhala akuluakulu n'kumupatsira chipanda cha masese. Iye, dzanja lili pachifuwa, ayankha mwaulemu ndithu: "Pepani malume, zimenezi ndidasiya kalekale. Ine ndimamwa vinyo basi." Palibe womuyankha. Chipanda chimulumpha n'kupita kwa wina, koma dzuwa lisanalowe dzina latsopano lamveka kale mpaka kuseri komwe amayi akuphika: mlamu wa vinyo.

Pakatha chaka, mkulu yemweyu aoneka pa malo ena omwera mowa pafupi ndi msika, atagwira botolo la mowa wamba, akumwa mokwinya nkhope ngati mwana womwetsedwa kwinini. Anthu sachedwa kugamula mlandu: "Za ku Joni zatha." Mwina n'zoona. Vinyo wochuluka m'masitolo a dziko lino amachokera kunja, makamaka ku South Africa komweko, ndipo katundu aliyense wolowera pachipata amavina motsatira ng'oma ya kwacha. Ndalamayi idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Botolo lomwe linali la Lachisanu lililonse lidasanduka la pa Khrisimasi.

Koma kumuseka munthu ameneyu n'kuphonya nkhani. Wozolowera vinyo akayamba kuphunzira mowa, pali zinthu ziwiri zomwe angaphunzire ndipo n'zosiyana kutalitali. Atha kuphunzira kukoma kwa mowa, kapena atha kuphunzira kamwedwe ka m'bala. Choyambacho chimamubwezera pakati pa abale ake. Chachiwiricho chimatha kugwetsa kagolosale kaja, ngakhalenso banja lenilenilo. N'chifukwa chake nkhaniyi, ngakhale ikumveka ngati yocheza, ikukhudza mkazi wake, ana ake ndi onse odya kuchokera m'thumba mwake.

Kodi n'chifukwa chiyani mowa umamuvuta poyamba? Si matama okha ayi, lilime nalo lili ndi mbali yake. Vinyo ndi madzi a mphesa. Chipatsochi chimakhala kale ndi shuga komanso kusasa kwake, ndiye yisiti akadya shugayo chomwe chimatsala ndi chakumwa chosasa pang'ono, chonunkhira zipatso. Vinyo wofiira amaonjezera kuuma kwina m'kamwa, kofanana ndi komwe munthu amamva akamwa tiyi wowirira wopanda mkaka ndi shuga. Mowa wa m'botolo suli choncho. Umapangidwa ndi chimera cha balere, ndipo amathiramo maluwa a chomera china choyanga chotchedwa hops, omwe ntchito yake ndi kuwawitsa mowa, kuupatsa fungo ndi kuuteteza kuti usaonongeke msanga. Choncho lilime lomwe kwa zaka khumi lakhala likuyembekezera kusasa limakumana ndi kuwawa, n'kukana. Kuwawa kumafuna kuzolowera. Akudziwa bwino zimenezi aliyense yemwe ali mwana ankathawa ndiwo za luni koma lero amachita kuzifunafuna pamsika.

Apa ndi pomwe maphunziro a ku Stellenbosch aja ayenera kugwira ntchito. Wa vinyo amadziwa kuti chakumwa sachimwera m'botolo, chifukwa mbali yaikulu ya chomwe anthu amati kukoma imadzera m'mphuno. Ndi mowa n'chimodzimodzi. Ukathiridwa m'tambula yoyera, thovu n'kukwera pang'ono, fungo la chimera ndi la hops limatuluka, ndipo mpweya wina wotupitsa mimba umathawa. Amadziwanso kuti kuzizira kwambiri kumapha kukoma. Chizolowezi chofuna botolo lochita kuyera ndi chisanu n'chabwino pothetsa ludzu la mu October, koma mowa wozizira chotero lilime siliumva, umangodutsa. Mwina n'chifukwa chakenso umatsika mwachangu.

Chachikulu pa zonse, wa vinyo amadziwa kuti chakumwa chimayenda ndi chakudya. Ku lesitilanti kuja sankaika botolo patebulo popanda kufunsa chomwe mlendo waitanitsa. Mowa woyera, wopepuka, monga Green kapena Kuche Kuche, umagwirizana ndi chambo chokazinga kapena tchipisi cha pachiwaya, chifukwa kuwawa ndi mpweya wake zimatsuka mafuta m'kamwa. Mowa wakuda wa stout, womwe mbewu zake amachita kukazinga mpaka kuda ngati khofi, ndi womwe wokonda vinyo wofiira amafulumira kuumvetsa. Ndi wolemera m'kamwa, sufuna changu, ndipo pambali pa mang'ina kapena kanyenya wa mbuzi sumusiya munthu akulakalaka za ku Cape.

Chodabwitsa n'chakuti mowa womwe uli pafupi kwenikweni ndi vinyo ndi womwe adaukana pa chinkhoswe paja. Masese alibe hops. Kukoma kwake kwagona pa kusasa, ndipo kusasako kumabwera ndi tizilombo tosaoneka ndi maso ta mtundu womwe umasandutsa mkaka kukhala chambiko. Opanga vinyo wofiira amadalira tizilombo ta banja lomweli pofuna kufewetsa ukali wa vinyo wawo. Ndiye lilime la mlamu wa vinyo silikhala mlendo m'chipanda. Chomwe chimamubweza ndi maso: mowawu ndi wolimba ngati phala, sudutsa kuwala, uli ndi zotsalira pansi, ndipo samaumwa wozizira. Koma akatseka maso n'kulola mphuno ndi lilime kuweruza, amapeza zomwe ankazifuna. Amapezanso china chomwe vinyo wa m'botolo alibe. Masese ndi mowa wamoyo, umapitiriza kuwira ngakhale uli m'mbiya kapena m'paketi. Wa lero ndi wotsekemera, wa mawa wakhwima, wa mkuja wasasa kwambiri. Munthu yemwe ankatha kufotokozera alendo kusiyana kwa vinyo wa chaka ichi ndi wa chaka chatha sangalephere kumva kusiyana kwa masese a Lachinayi ndi a Loweruka.

Ndipo kunena za luso, mayi wofulula masese ali ndi sitepe imodzi yovuta yomwe wopanga vinyo alibe. Mphesa ukazifinya n'kuzisiya zimayamba zokha kuwira. Chimanga, mapira kapena mawere sizitero, chifukwa mulibe shuga woti yisiti adye, muli ufa. Ufawo uyenera kusandutsidwa kaye kukhala shuga, ndipo makolo adapeza njira yake popanda labotale: kuviika mbewu m'madzi, kuzifunditsa mpaka zitamera, kuziyanika padzuwa n'kuzisinja. Chimenecho ndiye chimera. Mbewu ikamamera imatulutsa mphamvu yosungunula ufa wake kuti kammera kapeze chakudya, ndipo wofulula amabwereka mphamvu imeneyo. N'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kutsekemera akathiramo chimera, zomwe aliyense wophika thobwa amaona ndi maso. Kenako pali kuphika, kuziziritsa, kudikira kuti lisase, kuphikanso, kwa masiku angapo, ndipo zonsezi mayiyu amayeza ndi chala, mphuno ndi lilime. Akathira chimera phala lisanapole bwino, mbiya yonse yapita, pamodzi ndi ndalama ya sopo ndi ya mayeso a mwana. Luso lotere likadakhala m'manja mwa Mzungu wovala epuloni, bwenzi alendo akulipira kuti akaonerere.

Nanga maganizo akuti vinyo ndi wa mabwana pomwe mowa ndi wa anthu wamba adachokera kuti? Sadagwe kumwamba. Ku Cape vinyo woyamba adafinyidwa mu February 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, ndipo minda ya mphesa idakula ndi thukuta la akapolo. Ukapolo utatha kudatsala mchitidwe wotchedwa dop, womwe eni minda ankalipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo wotsika. Lamulo lidauletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma m'minda ina udapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990, ndipo mabala ake sadapole: madera a mphesa a ku Western Cape ali m'gulu la madera omwe ana ambiri amabadwa ndi mavuto obwera chifukwa chakuti mayi ankamwa ali woyembekezera. Ku South Africa komweko anthu akuda sankaloledwa kugula vinyo kapena mowa wa Azungu mpaka mu 1962. Iwo ankayenera kumwa mowa wa mapira m'maholo a makhonsolo. Chinthu chikaletsedwa kwa wantchito n'kuloledwa kwa bwana, chimasanduka chizindikiro cha ubwana, ndipo chizindikirocho chimakhalabe ngakhale lamulo litafa. Mlamu wa vinyo adabwera nacho m'chikwama osadziwa. Ali kuntchito ankaona tambula yonyezimira patebulo la alendo. Za m'nyumba za antchito kuseri kwa munda, mlendo sauzidwa.

Mowa nawo uli ndi mbiri yoti munthu wokonda kudziwa zomwe akumwa angaisangalalire. Ku Bavaria, m'dziko la Germany, lamulo la mu 1516 lidalamula kuti mowa uzipangidwa ndi madzi, balere ndi hops basi. Yisiti sadamutchule chifukwa nthawi imeneyo anthu sankadziwa bwino chomwe chimawiritsa mowa. Kampani ya Carlsberg idayambitsidwa ndi J.C. Jacobsen mumzinda wa Copenhagen ku Denmark mu 1847, ndipo m'labotale ya kampaniyi ndi momwe katswiri Emil Christian Hansen adakwanitsa kupatula mtundu umodzi wa yisiti n'kuuweta pawokha mu 1883. Kuyambira pamenepo ofulula adayamba kupanga mowa wofanana kukoma mwezi ndi mwezi. Fakitale yoyamba ya Carlsberg kunja kwa Denmark idatsegulidwa mumzinda wa Blantyre mu 1968. Mu 2016 Carlsberg idagulitsa gawo lake la kampani ya ku Malawi kwa Castel, ya ku France. Apa pali koseketsa: banja la Castel lidayamba ndi malonda a vinyo mumzinda wa Bordeaux mu 1949, kenako n'kudzalowa m'malonda a mowa mu Africa muno. Ngati eni ake vinyo a ku Bordeaux sadachite manyazi kuphunzira mowa, wa ku Mponela achitirenji? Chibuku nacho chili ndi kwawo. Chidayambira ku Kitwe, m'dera la migodi ku Zambia, m'zaka za m'ma 1950, pomwe Max Heinrich adayamba kufulula mowa wa makolo m'fakitale, ndipo akuti dzinali lidachokera ku buku lomwe ankalembamo kafululidwe kake.

Komabe chomwe chidawawa malume pa chinkhoswe paja si mbiri ya ku Ulaya. Pakati pa Achewa, Angoni, Alomwe ndi mitundu ina, mowa wakhala ukugwira ntchito zomwe ndalama sizigwira. Munthu akafuna kulimitsa munda ankafulula mowa wa dima, anansi n'kubwera ndi makasu awo. Polonga ufumu, pokumbukira malemu, popepesa mizimu nthawi ya chilala, mbiya ya mowa sinkasowa, ndipo m'midzi yambiri sisowabe mpaka lero. Chipanda chimayenda kuchoka dzanja ili kupita lina, mwini mowa atayamba walawa yekha kusonyeza kuti mulibe chiwembu. Wochikana chifukwa cha chipembedzo kapena matenda amamveka. Asilamu, a Seventh Day Adventist ndi a mipingo ina yambiri sakhudza mowa, amakhala nawo pabwalo lomwelo akumwa thobwa ndipo palibe wowada. Koma wokana chifukwa chakuti iye amamwa zabwino kuposa zimenezi wanena mawu ena ngakhale sadawatchule. Wanena kuti wakula kuposa bwalo. Tsiku lomwe pakhomo pake padzagwe zovuta, ndi anthu a bwalo lomwelo omwe adzafunike kukumba manda.

Choncho akayamba kulawa mowa wa kwawo ndi mtima wofuna kuumvetsa, achita bwino. Vuto likubwera pa phunziro lachiwiri lija.

Vinyo wambiri ali ndi mphamvu ya pakati pa 12 ndi 14 peresenti, pomwe mowa wa m'botolo uli cha m'ma 5 peresenti. Wozolowera vinyo akamva zimenezi amaganiza kuti mowa ndi madzi. Msampha wagona pamenepo, ndipo masamu ake ndi a pulayimale. Tambula ya vinyo ya mamililita 125 pa 13 peresenti imakhala ndi mamililita 16 a chinthu choledzeretsacho. Botolo la mowa la mamililita 330 pa 5 peresenti limakhala ndi mamililita 16 ndi theka. Botolo limodzi la mowa ndi tambula imodzi ya vinyo. Botolo lathunthu la vinyo, la mamililita 750, likufanana ndi mabotolo 6 a mowa. Paketi ya lita imodzi ya masese, ngati yakhwima kufika pa 4 peresenti, ndi matambula awiri ndi theka a vinyo.

Tsopano muike munthu ameneyu patebulo la anthu 6 Loweruka masana, mpira uli pa kanema. Mwambo wa m'bala ndi wa raundi: wina akagula, aliyense ayenera kubwezera. Raundi ikazungulira tebulo lonse, aliyense wamwa mabotolo 6. Mkulu yemwe ku Cape sakadayerekeza kumaliza yekha botolo lathunthu la vinyo pa nthawi imodzi walimaliza mpira usanathe, m'mimba mulibe kanthu kupatula mtedza wa m'kapepala. Ndipo raundi siyang'ana ludzu la munthu. Botolo latsopano limafika lakale lisanathe, ndipo wofuna kununkhiza ndi kulawa amauzidwa kuti akuchedwetsa anzake. "Imwani, achimwene, mowa sasunga." Ulemu womwewo womwe udamupangitsa kusiya matama ndi womwe ukumukakamiza kumwa mopyola muyezo. Safuna kuti azinenedwanso kuti ndi wodzimva.

Pa ndalama n'chimodzimodzi. Botolo limodzi la mowa n'lotchipa poyerekeza ndi la vinyo, koma patebulo lotere palibe wogula limodzi. Kale ankagula botolo la vinyo, n'kupita nalo kunyumba, n'kumwa tambula imodzi pa chakudya chamadzulo ana akuona. Linkatha masiku angapo, ndipo mkazi wake ankadziwa mtengo wake. Za kubala sizidziwika mtengo. Zimachoka m'kabati ya golosale pang'onopang'ono, ndipo munthu wochokera ku Joni amayembekezeredwa kugula raundi yoyamba ndi yomaliza. Pofika nthawi yogula feteleza kapena yolipira fizi ya teremu yachiwiri ndi pomwe banja limazindikira kuti mowa wotchipa uja wadya zambiri kuposa vinyo wodula. Amayi ambiri m'matauni ano sadadandaulepo kuti amuna awo amamwa mtundu wanji. Amadandaula za nthawi yobwerera ndi zomwe zimatsala m'thumba.

Pasakhalenso wonamizidwa kuti chimodzi mwa zakumwazi ndi mankhwala. Kwa zaka zambiri anthu ankauzana kuti tambula ya vinyo wofiira imalimbitsa mtima, monga momwe ena amanenera kuti masese ndi chakudya kapena kuti stout imaonjezera magazi. Mu January 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidanena mosabisa kuti palibe mlingo wa mowa womwe ungatchedwe wopanda chiopsezo pa thanzi la munthu, ndipo akatswiri a bungweli ofufuza za khansa adaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa kalekale mu 1988. Chiwindi sichifunsa ngati chakumwa chachokera ku mphesa kapena ku mawere. Chimangowerengera mamililita. Ndiye yemwe samwa asayambe chifukwa chowerenga za fungo la hops, sakuphonya chilichonse chomwe thobwa labwino silingamupatse. Mayi woyembekezera, munthu yemwe ali pa mankhwala, woyendetsa galimoto kapena kabaza wa njinga yamoto, ndi mwana aliyense wosakwana zaka 18, nkhaniyi siikuwaitana.

Abale a mlamu wa vinyo ayenera kukhala ndi diso pa chinthu chimodzi. Pali kutsika kochokera pa vinyo kupita pa mowa wa m'botolo, kuchoka apo kupita pa paketi, kenako pa kachasu. Poyang'ana patali, kutsika kumeneku kumafanana ndi kuphunzira, pakuti konse munthu akulawa zatsopano. Koma n'zosiyana. Wophunzira kukoma amamwa pang'ono, amasinthasintha, amafunsa mafunso, ndipo botolo likamuipira amalisiya. Wothamangitsidwa ndi ludzu amamwa zambiri, amafunafuna chotchipa ndi chaukali, ndipo safunsa kanthu. Kachasu si mowa wofulula ngati masese. Amachita kutcheza, mphamvu yake imaposa ya vinyo kangapo, ndipo palibe amaiyeza. Dziko lino lidaona kale zomwe zimachitika ukali ukatchipa, pomwe mowa wa m'masacheti udafika mpaka m'matumba a ana a sukulu, boma n'kuuletsa mu 2015. Munthu akayamba kunena kuti zonse ndi mowa basi, asiya kulawa. Pamenepo mkazi wake, malume ake kapena ankhoswe asadikire kuti golosale itsekedwe.

Anzake a patebulo nawo ali ndi mbali yawo. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'malo momuphunzitsa kupapira, bwanji osatengerako zomwe wabwera nazo? Kumwa munthu atadya. Kuika botolo la madzi patebulo. Kulola aliyense kudzigulira malinga ndi thumba ndi ludzu lake, popanda kumutcha woumira. Kuvomereza kuti munthu wamkulu atha kunena kuti zakwana pa botolo lachiwiri n'kukhalabe pamalopo akucheza mpaka mpira utatha. Eni malo omwera mowa angaone ngati zimenezi zichepetsa malonda, koma kasitomala wobwera Loweruka lililonse kwa zaka makumi awiri amapindulitsa kuposa wodzaza buku la ngongole m'miyezi 6 kenako n'kusowa. Matambula otsukidwa bwino ndi mphika wa mang'ina pamoto sizifuna ngongole ya kubanki.

Ndipo ngati mtima wake ukadali ku vinyo, palibe wanena kuti amusiye. Kuphunzira mowa sikutanthauza kulumbira kuti sadzagwiranso tambula ya kamwendo. Dziko lino lili ndi vinyo wakewake wa zipatso, monga wa Linga wopangidwa ku Lilongwe, ndipo m'madera otentha momwe muli migwalangwa anthu adadziwa kalekale kugoma uchema, womwe kunena zoona ndi vinyo, pakuti ndi madzi otsekemera a mtengo owira okha popanda chimera. Munthu atha kukonda zonsezi, chilichonse pa nthawi yake, monga amakondera nsima ya mgaiwa kumudzi ndi mpunga wa Kilombero pa ukwati.

Mlamu wa vinyo akadzapitanso kwa malume ake, chipanda chidzamupezanso. Achilandire ndi manja awiri. Adzayamba wanunkhiza, poti chizolowezi sichitha, ndipo anyamata a kumbali adzagwirana pamapewa n'kuseka. Atalawa adzacheukira komwe kwakhala mwini mowa n'kufunsa: "Azakhali, chimera chimenechi n'cha mawere kapena cha chimanga? Nanga mowawu wagona masiku angati?" Mayiwo mwina adzayamba ayang'ana amuna awo, chifukwa pa zaka zonse zomwe akhala akufulula, funso lomwe amalandira kuchokera pansi pa mtengowo ndi lakuti kodi m'mbiya mwatsalako. Kenako adzasendeza mphasa yawo pafupi n'kuyamba kufotokoza, kuyambira tsiku lomwe adaviika mawere.